Nkhonya, karate kapena judo: ndiyambe chiti kuti ndizisangalala komanso kudziteteza?

Funso la lero lachokera kwa chemwali wina wa ku Lilongwe, ndalidula pang'ono chifukwa linali lalitali:

"Ndili ndi zaka 28, ndimagwira ntchito mushopu ku Old Town, ndimaweruka mochedwa moti pofika pasiteji ya kwathu kumakhala kutada. Mwezi watha anyamata awiri anandilanda foni, mmodzi anandigwira dzanja ine ndinangouma osakuwa n'komwe. Ndikufuna ndiyambe masewera omenyana kuti ndizitha kudziteteza komanso thupi lizichita bwino, jimu yongonyamula zitsulo imandibowa. Pafupi ndi kwathu pali a karate amaphunzirira muholo ya sukulu, palinso kajimu ka nkhonya, a judo ali kutali minibasi ziwiri. Pa YouTube ndikuona akutama Krav Maga ndi jiu-jitsu. Ndiyambe chiti?"

Chemwali, pepani kaye ndi zomwe zinakuonekeranizo. Pa zitatu mwatchulazo ine ndikuti yambani nkhonya, bola kochi wake akhale munthu wolongosoka, za kulongosokazo ndinena kutsogoloku. Ine ndinayambira karate ndili mnyamata, nthawi ija tonse timatuluka muvidiyo shoo tikumenya mateche m'malere, kenako ndinalowa nkhonya ndi judo ndipo pano ndimaphunzitsa, nde palibe masewera amene ndikudana nawo apa, ndingonena zomwe ndimaona.

Tigwirizane kaye za usiku uja. Anyamata awiri, mdima, simukudziwa kuti m'jekete muli chani. Olo mukanakhala ndi lamba wakuda wa chilichonse ndikanakuuzani zomwezo, foni ipite, inu mukafike kunyumba ndi zala zonse, mawa mukatseketse layini ndi Airtel Money kapena Mpamba yanu. Palibe masewera padziko pano amene amamukonzekeretsa munthu kulimbana ndi chikwanje chimanjamanja. Mavidiyo a pa YouTube ophunzitsa kulanda mpeni aja mukawaonerenso koma ulendo uno musamuyang'ane mphunzitsiyo, muyang'ane wogwira mpeni. Amabaya kamodzi, mofatsa, kenako dzanja amalisiya lili chitambasukire kudikira kuti alipotokole. Wobaya zenizeni satero, amakugwira malaya ndi dzanja limodzi linalo likungobwera mobwereza mwachangu. Ine ophunzira anga akayamba matama pa nkhani imeneyi ndimamuveka mmodzi tisheti yoyera yakutha, mnzake ndimamupatsa maka yolembera pa bolodi n'kumuuza kuti uwu ndi mpeni khwatcha mmene ungathere, winayo alande. Sipatha nthawi tisheti ija imakhala yalembekalembeka pamimba, m'nthiti, m'mikono, holo yonse zii.

Za kuuma zija musadziimbe nazo mlandu ayi. Thupi la munthu likadzidzimutsidwa limatero, mtima umathamanga, miyendo imalemera, mawu amakakamira pakhosi, ndipo zimachitikira ngakhale madoda a mangolomera amene masana amalongolola pa bawo. Ubwino wake pa zonse zinachitika usiku uja chimenechi ndi chomwe masewera angasinthe. Koma njira yake ndi imodzi yokha, kuzolowera kuti munthu wamoyo akubwera kwa iwe kuti akumenye kapena akugwetse, iwe mutu n'kumagwirabe ntchito.

Nde mukafika pamalo aliwonse musatanganidwe ndi zoti awa ndi a ku Japan, a ku Korea kaya a ku Israel. Muone chinthu chimodzi, kodi pano mnzako amakana? Ukamuponyera chibakera amazinda n'kubweza? Ukafuna kumugwetsa amalimba n'kufuna agwetse iweyo? Kapena amangoima n'kugwa yekha poti ndi mmene anamuuzira a sensei, aphunzitsi ake? Kuphunzira kumenyana ndi munthu wosakana kuli ngati kuphunzira kuvundula nsima mupoto mopanda ufa, mthiko umayenda bwinobwino mpaka tsiku lomwe ufa wagwira.

Nzeru imeneyi si yanga. Jigoro Kano, mphunzitsi wa ku Japan amene anayambitsa judo mu 1882 pa sukulu yake ya Kodokan ku Tokyo, anatenga jujutsu yakale n'kuika pambali zoopsa zake, n'kulimbikira zomwe anthu awiri angachitirane ndi mphamvu zonse tsiku ndi tsiku osalumazana, zomwe amazitcha randori. Ukangomva zimakhala ngati anafooketsa masewera, koma munthu amene wagwetsa anthu okana kambirimbiri amamuposa uja woloweza njira zoopsa zomwe sanaziyesepo pa munthu. Nkhonya, judo, muay thai ya ku Thailand, wrestling ndi jiu-jitsu ya ku Brazil zonse zili mbali imeneyi, ndipo mukaona omenya MMA, mpikisano wophatikiza masewera omenyana osiyanasiyana, monga Francis Ngannou wa ku Cameroon kapena Dricus du Plessis wa ku South Africa, zomwe akugwiritsa ntchito zachokera m'masewera omwewa.

Tsono nkhonya. Anthu amayesa kuti kunkhonya umangophunzira kumenya, koma miyezi yoyamba zomwe zimaphunzira kwambiri ndi miyendo ndi maso. Kuima osapingasa miyendo, kusunthira cham'mbali mmalo mongobwerera chambuyo mpaka kugunda khoma, kudziwa kuti munthu akaima apo sangandifikire koma akangoponda kamodzi wandifikira. Ndipo chachikulu, kusatsinzina. Watsopano aliyense chibakera chikamabwera amatsinzina, kutembenuza nkhope, kugwira mpweya. Kochi wabwino amayamba kumakugunda pamphumi ndi padi, kakhushoni kovala kudzanja, mopepuka, phaa, phaa, iwe kumangolandira, mpaka tsiku lina umangozindikira kuti chabwera ndachiona ndipo mutu wasuntha wokha. Kuuma kuja kumathera pamenepo, pang'onopang'ono. Chinanso ndi mpweya. Raundi imodzi ndi maminitsi atatu kupuma miniti imodzi, ukamaonera pa TV zimaoneka zochepa koma tsiku loyamba pa thumba lomenya miniti isanathe manja amakhala agwa uli wefuwefu, ndipo mpweya umene mudzaupeze apawu ndi womwe mudzathawire.

Kumbali yosangalala nkhonya sibowa ayi, kudumpha chingwe, kaphokoso ka padi ukamenya pakati penipeni, thukuta kamukamu, mkwiyo wonse wa makasitomala a tsiku limenelo umathera pa thumba. Zida zake sizivutanso, nsapato zothamangira za pakaunjika, mabandeji omanga m'manja, kapulasitiki koteteza mano aka mugule kanukanu osabwerekana, magulovu poyamba mutha kugwiritsa a pajimu pomwepo.

Ndipo asakunamizeni kuti ndi masewera a amuna. Anisha Basheel wathu yemweyu anapita ku London mu 2018 n'kukamaliza Sam Smith mu raundi yoyamba, kubwera ndi lamba wa Commonwealth. Ku Zambia Esther Phiri anatsegula njira, Catherine Phiri n'kukatenga lamba wa WBC ku Mexico mu 2016. Kwa amuna Isaac Chilemba wa ku Blantyre, amene ntchito yake inakulira ku Joni, anamaliza maraundi onse 12 ndi Sergey Kovalev ku Russia chaka chomwecho olo anagonja pa mapointi. Ndikutchula izi chifukwa nkhonya kuno ili ndi mizu, anthu amene anamenyapo mu ring n'kumaphunzitsa alipo, si zoti munthu waonera pa foni dzana lero watsegula kalasi.

Zoipa zake ndisabise. Mutu. Chibakera chilichonse champhamvu chimagwedeza ubongo mkati, ndipo chisoti chovala pomenyana chija chimateteza kung'ambika ndi kutupa basi, kugwedezekako kumachitikabe, ku Olympics ya Rio mu 2016 amuna anamenya opanda zisoti n'komwe. Inu simukufuna lamba, nde palibe chifukwa chomenyedwera mwamphamvu m'mutu sabata iliyonse. Sparring yanu, kumenyana koyeserera ndi mnzanu pajimu, ikhale yogundana osati yokomolana, ndi munthu wa sikelo yanu. Mukagundidwa n'kumva chizungulire, mutu kuwawa, nseru kapena kuiwala zomwe zachitika, tsiku limenelo mwaweruka, ndipo musabwerere mu sparring adokotala asanakuoneni. Komanso dzanja lopanda gulovu ndi losalimba, kafupa ka kumbuyo kwa chala chaching'ono kamathyoka msanga ukamenya mutu wa munthu, nde ine ndimaphunzitsanso kumenya ndi tsinde la chikhatho pamphuno kapena pachibwano, ndi chigongono munthu akayandikira. Ndipo nkhonya siphunzitsa chochita munthu akakugwira, mukagwirana refa amangoleretsa, pomwe inu vuto lanu linayambira pa kugwidwa dzanja.

Apa mpamene ndikudandaula kuti judo ili kutali nanu, ikanakhala kuseri kwa nyumba yankho langa likanasintha. Judo yonse imayambira pa kugwirana, wina wakugwira kolala ndi mkono wa malaya iwe ukumasula, ukugwira pako, ukumukoka ukumukankha mpaka kulemera kwake konse kukhale pa mwendo umodzi, kenako mwendowo n'kuusesa. Munthu amene wachita zimenezi chaka chathunthu ukamugwira dzanja mwadzidzidzi thupi lake limayankha lokha. Ndipo musanaphunzire kugwetsa aliyense amakuphunzitsani kaye kugwa, ukemi, chibwano pachifuwa kuti nkhongo isamenye pansi, osatchinjiriza ndi dzanja lowongoka, kumenya matiresi ndi mkono wonse. Kunena zoona pa zonse ndinaphunzira chomwe chandipulumutsa kwambiri ndi chimenechi, osati pa ndewu ayi, koma poterereka m'matope a Januwale ndi pogwa pa kabaza. Olo ndewu za kumowa, kawirikawiri choopsa si chibakera chenichenicho koma nkhongo kukamenya simenti munthu akamagwa.

Koma minibasi ziwiri kupita ziwiri kubwera, mutaweruka mochedwa, ndi mitengo ya thiransipoti ya masiku anoyi, tisanamizane, sabata yoyamba mupita, yachiwiri mvula, yachitatu mafuta asowa, basi nkhani yatha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chomwe mungachite, mukakhazikika pa nkhonya Loweruka lina muzikawayendera a judowo mukaphunzire kugwa ndi kumasula munthu akakugwira, makochi ambiri sakana mlendo. Chenjezo lake judo imadya mawondo, mapewa ndi zala, ndipo pamalo opanda matiresi enieni musalole kugwetsedwa, kapeti woyala pa simenti si matiresi.

Karate ya muholo ya sukuluyo sindingaiweruze ndisanaione chifukwa dzina loti karate likuphimba zinthu zosiyana kwambiri. Inachokera ku Okinawa, Gichin Funakoshi anakaionetsa ku Tokyo mu 1922, ndipo ya mtundu wake ya Shotokan ndi imodzi mwa zomwe zinafala kwambiri. Makalabu ambiri nthawi yochuluka imathera pa kihon ndi kata, kuyenda pa mzere kumenya mphepo mowerengera ichi ni san, zokongola ndithu, zimalimbitsa miyendo ndi kuphunzitsa mwambo, kwa ana ndi zabwino zedi. Pa kumite ya mpikisano, pomwe awiri amamenyana, lamulo ndi loti uzibweza dzanja kapena mwendo usanamupweteke mnzako. Ku Olympics ya Tokyo yomwe inachitika mu 2021, pa fainolo ya amuna olemera kwambiri, Tareg Hamedi wa ku Saudi Arabia anamenya Sajjad Ganjzadeh wa ku Iran theche lam'mwamba mpaka kukomoka, mendulo ya golide anapatsa wokomokayo, womenyayo anamuchotsa poti anapyola muyezo. Malamulo ake ndi amenewo sindikuwanyoza, koma mukuona nokha kuti dzanja likazolowera kuima lisanafike lidzaimanso tsiku lomwe mukufuna lifike. Ilipo ina ya Kyokushin ya Masutatsu Oyama, iyo nde amaswana zenizeni mateche m'ntchafu zibakera m'nthiti, koma chibakera kumaso saloleza nde manja amazolowera kukhala m'munsi. Taekwondo simunaifunse koma mukumana nayo, miyendo yake ndi yodabwitsa, koma theche la kumutu mutavala siketi ndi nsapato za kuntchito pa msewu wokumbikakumbika mumdima, aaa ayi.

Komabe mukapita kukaonera n'kupeza kuti a karatewo amavala magulovu n'kumachita kumite yamoyo sabata iliyonse, anthu ake ndi ansangala, mtima wanu wakonda zovala zoyera zija ndi malamba, pomwe kunkhonya kuja kochi ndi wamwano, pitani ku karate osacheuka. Mwanena nokha kuti mukufuna kusangalala, ndipo chinthu chosakusangalatsa sungachichite zaka.

Za pa YouTube zija. Jiu-jitsu ya ku Brazil ndi mwana wa judo, Mitsuyo Maeda wa ku Kodokan anakafika ku Brazil mu 1914, a banja la Gracie anaphunzira n'kukulitsa mbali yolimbana pansi, dziko linaidziwa mu 1993 pomwe Royce Gracie, wochepa thupi poyerekeza ndi anzake, anapambana UFC yoyamba, mpikisano wa MMA, ku Denver. Kwa mzimayi ili ndi chinthu chimodzi chamtengo wapatali, kudziwa kutuluka pansi pa munthu wolemera amene wakukhalira pamimba, ndipo sumenyedwa m'mutu, zikakuvuta umangomugunda mnzako ndi dzanja iye n'kusiya. Koma pa anyamata awiri pansi si malo opitako dala, ukamakanyanga mmodzi mnzake akukuponda. Ndipo siphunzirika pa foni, imafuna matiresi ndi anthu. Amene muli ku Joni kapena ku UK makalabu ake ndi ambiri yesani, kuno kumudzi ndi osowa. Krav Maga anaiyambitsa Imi Lichtenfeld, amene iye mwini anali wa nkhonya ndi wrestling ku Bratislava asanakaphunzitse asilikali ku Israel, mfundo zake ndi zabwino, menya malo ofooka, choka msanga, yang'ana ngati pali wachiwiri. Vuto ndi loti satifiketi yophunzitsira ena amaitenga pa kosi ya masiku ochepa ndipo makalasi ambiri ndi aja a munthu wosakana. Muyezo ndi womwe uja.

Tsono kulongosoka kwa kochi. Musalipire tsiku loyamba, pemphani mukhale pa benchi muonere kalasi yonse. Muone mmene amamulandirira watsopano. Pali majimu ena amene mlendo amamuponya mu ring tsiku loyamba ndi mnyamata wawo wakuthwa ati kumuyesa mtima, mphuno ikatuluka magazi onse kuseka, kumeneko tulukani osatsanzika. Muone ngati kochi amayendayenda kukonza anthu kapena wakhala pakona ndi WhatsApp. Muone ngati alipo azimayi ena amene akhalitsa, mmodzi mumukokere pambali mumufunse zenizeni. Kochi wokonza kaimidwe amanena kaye asanakugwire, amagwira phewa kapena chigongono, ndipo pagulu. Uja woyamba mauthenga a usiku ndi zoti bwerani kunyumba ndikuphunzitseni mwapadera, ameneyo ali m'gulu la anthu omwe mukuphunzirira masewerawa. Ku karate mufunsenso za ndalama za grading, mayeso okwerera lamba, ndi kuti satifiketi imachokera ku bungwe liti, pena malamba amangosintha mwezi ndi mwezi poti lamba aliyense ndi ndalama. Ukhondo nawo muuone, magulovu obwerekana ndi matiresi osapukuta amagawa zipere.

China chomwe ophunzitsa ambiri safuna kunena poti chimathawitsa makasitomala, sikelo ndi nkhani. Mipikisano ya masewera onsewa imagawa anthu potengera kulemera pa chifukwa chimenechi. Mzimayi wa makilo 55 amene waphunzira chaka akhoza kumudabwitsa mwamuna wa makilo 90, kumuswa mphuno, kumasula dzanja, koma akaima kuti tione wamkulu ndani nthawi ikamapita sikelo ipambana. Nde inu chomwe mukufuna ndi masekondi awiri atatu basi, n'kuliyatsa liwiro kulowera komwe kuli anthu ndi magetsi, mukukuwa. Kukuwako nakonso kumafuna kuyeserera, ine ophunzira akamamenya padi ndimati azikuwa "ndisiye!" ndi mawu ochokera m'mimba, poyamba amachita manyazi kumaseka, pakapita masabata mawu amatuluka okha. Si zamasewera izi, maphunziro a IMpower amene bungwe la Ujamaa Pamodzi linaphunzitsa atsikana m'sukulu za ku Lilongwe, Dedza ndi Salima mbali yaikulu inali yomweyi, kuona zizindikiro msanga, kukana mokweza, kuthawa, kukanena, zomenya zimabwera pomaliza, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti kugwiriridwa kunachepa pakati pa atsikana amene anaphunzira.

Poti tafika apa, nkhanza zambiri zomwe azimayi amakumana nazo sizichokera kwa mlendo wa mumdima koma kwa munthu yemwe akumudziwa, chibwenzi, bambo a kunyumba, wachibale, abwana. Zimenezo chibakera sichithetsa, kupolisi kuli Victim Support Unit ndipo kuli lamulo la 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja. Komanso lamulo limalola kudziteteza ndi mphamvu yolingana ndi choopsa chomwe chilipo nthawi imeneyo, munthu akagwa kapena akathawa inu n'kumuthamangitsa kukamuponda mlandu watembenukira kwa inu. Izi ndimauza kwambiri anyamata, aja akangodziwa chibakera chimodzi ndi theche limodzi amayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba pa bala kufuna woti amuyesere.

Muganizirenso za nthawi. Majimu ambiri amayamba madzulo anthu akaweruka, kutanthauza kuti muzibwerera usiku kuposa kale, mutatopa, chikwama kumsana, njira yomweija. Funsani ngati pali kalasi ya m'mawa kapena ya Loweruka, apo ayi gwirizanani ndi anzanu a pajimu olowera kumodzi, kapena wakabaza mmodzi wodziwika amene muli ndi nambala yake. Foni izilowa m'chikwama musanatsike minibasi, mahedifoni kuchotsa.

Masabata awiri oyamba thupi lidzawawa malo amene simumadziwa kuti alipo kkk, ndi zabwinobwino, kuwawa kwa minofu kumatha, koma kuwawa kobaya m'bondo kapena m'phewa musakupirire. Ngati muli ndi BP, mphumu, khunyu, vuto la maso kapena ndinu oyembekezera, kaonaneni ndi adokotala kaye ndipo kochi mumuuze. Dzipatseni miyezi itatu musanaweruze, sparring musaithamangire, kochi wabwino sakulowetsani musanadziwe kuima ndi kutchinga. Tsiku loyamba mumuuze momveka kuti ine sindikufuna mpikisano, ndikufuna thupi ndi kudziteteza, sparring yopepuka basi, kenako muyang'ane nkhope yake poyankha. Akayamba zoti kuno timapanga akatswiri okhaokha ofooka sitiwafuna, mukawaonenso kachiwiri a karate aja.